Kugula Nzeru pa Mbale: Mafunso ndi Mayankho pa Nkhani ya Magazini a Kafukufuku ku Lichinga

Pakati pa madandaulo amene amamveka m'masukulu a ukachenjede a mu mzinda wa Lichinga, lilipo lina limene anthu a kunja kwa sukulu salidziwa kwenikweni, ndilo la wophunzira amene wafunafuna nkhani yofunika pa monografia yake, ndiyo ntchito yolemba yomalizira maphunziro ake, naipezadi pa intaneti, nawerenga mutu wake ndi chidule chake, koma pofuna kutsegula tsamba loyamba auzidwa kuti ayambe walipira madola 35 kapena 40. Malaibulale a m'mayiko olemera, amene nawonso atopa ndi kukwera kwa mitengo chaka ndi chaka, ayamba kuona kalipiridwe kameneka ka nkhani imodzi imodzi monga njira yopulumukira; ndipo popeza zoyambira kutali sizichedwa kufika kwathu kuno, nkoyenera kuti tiziyese tisanazilandire.

Kodi magazini amene akunenedwawa ndi otani, ndipo asiyana bwanji ndi amene timagula m'sitolo?

Munthu akayesa mbewu ya nyemba m'munda wa kafukufuku kwa zaka zitatu, kapena akatsatira mwakhama ana odwala malungo m'chipatala, sathamangira kukalengeza pa wailesi ayi; amalemba nkhani yofotokoza njira imene anatsata ndi zimene zinatuluka, naitumiza kwa mkonzi, amenenso aipereka kwa akatswiri awiri kapena atatu a maphunziro omwewo kuti aipete ndi kuizukuta, ndipo ikapirira mayeso amenewa ndi pamene isindikizidwa. Chiyambi cha magazini otere nchakale ndithu, pakuti oyamba anatuluka m'chaka cha 1665, ina ku Paris ndi ina ku London. Ya ku Londonyo, imene Henry Oldenburg anaiyambitsa ndi dzina la Philosophical Transactions, ikutulukabe kufikira lero lino.

Wina asayese kuti zolembedwamo nzakutali ndi ife. M'chaka cha 2016 magazini ya Science, ya ku Washington, inasindikiza nkhani ya Claire Spottiswoode pamodzi ndi Keith ndi Colleen Begg, yonena za alenje a uchi a Chiyao a m'nkhalango yosungidwa ya Niassa, yosonyeza kuti mbalame ya nsadzu imazindikira kaitanidwe kapadera ka alenjewo, ndi kuti mlenje akaitana motero mwayi wake wopeza njuchi umakula koposa katatu. Nzeruyo inali ya makolo a kuno komwe. Koma inalembedwa m'Chingerezi, nisindikizidwa kutsidya kwa nyanja yamchere, m'magazini imene nkhani zake zatsopano zimatsekeredwa chaka chathunthu kwa onse amene sanalembetse. Momwemonso zambiri zolembedwa za mbuna ndi chambo za m'nyanja yathu, za nthaka ya m'mapiri muno, ndi za matenda a anthu athu, zimagona m'magazini a ku Amsterdam, ku Oxford ndi ku New York.

Timamva kuti olemba nkhanizo salipidwa. Nanga mtengo umakwereranji?

Nzoona kuti salipidwa, ndipo ngakhale akatswiri amene amazipeta salandira kanthu. Malipiro awo amachokera ku mayunivesite ndi ku maboma, ndiye kuti ku misonkho ya anthu. Wosindikiza amalandira nkhani kwaulere, naikonza, naiika pa makina ake, kenaka aigulitsa kwa mayunivesite omwe aja amene anaibala. Amene anaona msanga kuti m'menemu muli chuma ndi Robert Maxwell, mwini wa Pergamon Press, amene itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anachulukitsa magazini a sayansi mosalekeza, kufikira anagulitsa kampani yakeyo kwa Elsevier m'chaka cha 1991. Makampani aakulu anapitiriza kumeza ang'onoang'ono, kotero kuti kafukufuku wa Vincent Larivière ndi anzake a ku Montreal, wotuluka m'chaka cha 2015, anapeza kuti koposa theka la nkhani zonse zimene anaziwerenga za chaka cha 2013 zinali m'manja mwa osindikiza asanu okha. Ndipo phindu la Elsevier lakhala likupitirira magawo 30 pa 100 alionse kwa zaka zambiri.

Gwero lenileni la mtengo lili apa: nkhani ya kafukufuku ilibe inzake yolowa m'malo mwake. Sopo wa kampani ina akadula, mayi amagula wa kampani ina. Koma dokotala wofuna nkhani yakutiyakuti ya mankhwala a chifuwa chachikulu sangatonthozedwe ndi nkhani ina yotchipa, pakuti imene akuifunayo ili m'magazini imodzi yokha pa dziko lonse lapansi. Wogulitsa adziwa zimenezi, ndipo akweza monga afuna.

Pamene magazini anasamukira pa intaneti, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, osindikiza anadza ndi malonda atsopano: m'malo mosankha magazini imodzi imodzi, laibulale igule mtolo wonse wa magazini mazanamazana kapena zikwi, pa pangano la zaka zingapo, mtengo ukukwera chaka chilichonse. Mkulu wina wa laibulale ku Wisconsin, Kenneth Frazier, anachenjeza anzake za malonda amenewa m'chaka cha 2001, koma ambiri anali atakopeka kale ndi kuchuluka kwa katunduyo. Pofika chaka cha 2012 ngakhale yunivesite ya Harvard, imene chuma chake sichifanizidwa ndi cha sukulu ina iliyonse, inalembera aphunzitsi ake kuti madola opitirira mamiliyoni atatu amene inali kulipira pa chaka kwa osindikiza akuluakulu anali katundu wosasenzeka.

Tsono kulipira nkhani imodzi imodzi ndiko kutani?

Ndiko kuleka kulipiriratu magazini yonse kwa chaka, ndi kugula nkhani yokhayo imene wina waipempha, pa nthawi imene waipemphayo. Achingerezi amati pay-per-view. Munthu payekha amalipira ndi khadi ya kubanki, kawirikawiri pakati pa madola 30 ndi 50 pa nkhani imodzi. Laibulale ikhoza kuikiratu ndalama kwa wosindikiza, ndipo nkhani iliyonse yotsegulidwa imadulidwa pa ndalamazo, nthawi zina pa mtengo wotsikirapo. Kapena ikhoza kudzera mwa amkhalapakati, monga Copyright Clearance Center ya ku America, imene imatumiza nkhani m'mphindi zochepa. Aliponso obwereketsa, monga DeepDyve, amene amalola munthu kuwerenga pa kompyuta popanda kusunga. Malaibulale ena amasiya khomo lotsegula kuti wowerenga adzigulire yekha pa ndalama za sukulu; ena amafuna kuti pempho lililonse lidzere m'manja mwa woyang'anira.

Masamu ake ngosavuta, ndipo tiyeni tingoyerekeza. Magazini ina ikhale ya madola 3,000 pa chaka, ndipo nkhani imodzi igulidwe madola 40. Ngati pa chaka chonse anthu atsegula nkhani 20 zokha, laibulale yalipira madola 150 pa nkhani iliyonse, pamene pogula imodzi imodzi ikadataya madola 800 okha. Koma ngati atsegula nkhani 300, kulembetsa kwabweza mtengo kufika pa madola 10 pa nkhani, ndipo kugula imodzi imodzi kukadafuna madola 12,000. Malire ali pa nkhani 75: pansi pake gulani imodzi imodzi, pamwamba pake lembetsani. Akulu anati chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Ndipo malaibulale atayamba kuwerenga kuti ndi magazini ati m'mitolo ija amene anthu amawatseguladi, anapeza kuti ambiri amangokhala osakhudzidwa.

Kodi alipo amene anayesa njira imeneyi?

Alipo, ndipo si ang'ono. Mayunivesite a ku Germany ndi a ku Sweden anakhala opanda magazini atsopano a Elsevier kuyambira pakati pa chaka cha 2018. Yunivesite ya California inathetsa pangano lake ndi kampani yomweyo mu February 2019, pangano la madola pafupifupi mamiliyoni 11 pa chaka, nipirira zaka ziwiri kufikira inapeza pangano lina lokomera mu March 2021. Sukulu ya MIT inaleka zokambirana mu June 2020, niyamba kupezera anthu ake nkhani imodzi imodzi. Dziko silinathe, akatswiri anapitiriza ntchito yawo, ena akudandaula, ena osazindikira nkomwe kuti chinthu chasintha.

Koma tisafulumire kuombera m'manja. Masukulu amenewa anasiya pangano ali ndi magazini a zaka makumimakumi m'mashelefu ndi m'makina awo, ali ndi malaibulale anzawo obwerekana nawo usiku ndi usana, ndiponso ali ndi ndalama zimene zinamasuka posiya panganolo. Kwa iwo kugula nkhani imodzi imodzi kunali kudula zotayika, ndiponso chida chokambirana nacho mtengo.

Nanga kwathu ku Lichinga kuno, njirayi ingatithandize momwemo?

Apa ndi pamene nkhani isiyana. Chigawo cha Niassa sichisowa malo ofuna magazini amenewa: mu mzinda muno muli nthambi ya Universidade Rovuma, imene inabadwa m'chaka cha 2019 kuchokera ku Universidade Pedagógica, muli nthambi ya Universidade Católica de Moçambique yophunzitsa kasamalidwe ka nkhalango ndi nyama zakutchire, ndi inzake ya zaulimi ku Cuamba, ku Unango, m'boma la Sanga, kuli sukulu ya zaulimi ya Universidade Lúrio, muli akatswiri a bungwe la kafukufuku wa zaulimi la IIAM oyesa mbewu za m'dziko lozizira lino, mbatatesi, nyemba, chimanga ndi soya, ndipo muli madokotala ndi anamwino a chipatala chachikulu cha chigawo. Onsewa ngowerenga, kapena ayenera kukhala owerenga. Koma sukulu za kuno sizinakhalepo ndi mapangano a mamiliyoni a madola oti ziwathetse ndi kupulumutsapo ndalama. Chifukwa chake chimene ku California chinali kuchepetsa zolipira, kuno chingakhale kuyamba kulipira zimene sitinali kulipira.

Titembenuze mtengowo ukhale wa kwathu. Kwa zaka zingapo tsopano dola imodzi yakhala pa mametikali 64 kapena pafupi pamenepo, kotero kuti nkhani ya madola 35 ndi mametikali 2,240. Wophunzira wolemba monografia yotchula nkhani 30, atati agule zonse, angafune mametikali opitirira 67,000, pamene malipiro ochepetsetsa a wogwira ntchito zaulimi m'chaka cha 2024 anali mametikali 6,000 ndi mazana ochepa pa mwezi. Ndiye kuti thukuta la miyezi khumi la bambo wake lithera pa mapepala amene mwanayo sanawaone mkati asanagule, pakuti wogula amaona chidule chokha, ndipo nkhani ikapezeka yosathandiza ndalama sizibwerera.

Palinso za ndalama yathu yomwe. Amene anali ndi maso m'chaka cha 2016, pamene ngongole zobisika zinaululika ndipo mayiko othandiza anaimitsa thandizo lawo ku thumba la boma, akumbukira kuti dola inachoka pa mametikali osafika 50 nikayandikira 80 m'miyezi yochepa. Abale athu a ku Malawi analawa zomwezo mu November 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi magawo 44 pa 100. Mvula ikakuona litsiro sikata: wosindikiza akweza mtengo m'madola, ndalama yathu nayo itsika, ndipo laibulale ikanthidwa mbali zonse ziwiri. Onjezani apo kuti osindikiza salandira M-Pesa kapena e-Mola, ndi kuti ndalama ya boma situluka popanda makalata ndi masaini, amene sangathe kuyenda liwiro la wophunzira amene tsiku lake lopereka ntchito layandikira.

Laibulale ikagula nkhani motere, chimatsala nchiyani?

Kawirikawiri sichitsala kanthu, ndipo kwa ine ili ndilo vuto loposa la mtengo. Nkhani yogulidwa imodzi imodzi imagulidwira munthu mmodzi. Malamulo a malondawo nthawi zambiri salola kuti laibulale iisunge ndi kuipereka kwa ena, kotero kuti wophunzira wachiwiri akadza mawa kudzafuna nkhani yomweyo, sukulu ilipiranso kachiwiri. Laibulale ya makolo athu m'maphunziro inali nkhokwe, yodzazidwa m'zaka za mwanaalirenji kuti idyetse anthu m'zaka za njala, monga anachitira Yosefe ku Aigupto. Koma laibulale yogula nkhani imodzi imodzi ifanana ndi banja logula ufa wa pa mbale madzulo alionse, limene limadya ndithu tsiku limene lili ndi ndalama, koma tsiku limene lilibe ligona ndi njala, ngakhale lakhala likugula zaka khumi.

Taganizani za buku la Yohanna Barnaba Abdallah, wansembe wa Anglican amene anatumikira ku Unango komwe lero kuli sukulu ya zaulimi, limene analemba m'Chiyao za mbiri ya Ayao, nilisindikizidwa ku Zomba m'chaka cha 1919. Laibulale imene inapeza bukulo pa nthawiyo, ngati chiswe ndi nkhondo zinalilekerera, ikali nalo, ndipo mibadwo inayi yawerenga popanda kulipiranso. Kunena chilungamo, ngakhale kulembetsa magazini pa intaneti sikufanana ndi kukhala ndi buku m'manja, pakuti nakonso ndi kubwereka. Komabe mapangano ambiri amasiyira laibulale ufulu wowerengabe magazini a zaka zimene inalipira, ufulu umene wogula imodzi imodzi alibe.

Chinanso chimatayika chimene sichiwerengedwa m'mabuku a ndalama. Wophunzira amakula poyendayenda m'magazini, kutsegula iyi ndi iyo, ndi kukumana ndi zimene sanali kuzifuna. Koma akadziwa kuti kutsegula kulikonse kudya mametikali zikwi ziwiri za sukulu, amaopa, nawerenga zochepa, ndipo wamanyazi sapempha nkomwe.

Ngati kulembetsa nkodula ndipo kugula imodzi imodzi nkodulanso, tilowere kuti?

Makomo otsegula alipo, ochuluka koposa mmene ambiri adziwira. Lalikulu ndi Research4Life, mgwirizano wa nthambi za United Nations ndi osindikiza, umene unayamba mu January 2002 pamene bungwe la WHO linatsegula Hinari ya zaumoyo. Inatsatira AGORA ya zaulimi, ya bungwe la FAO, m'chaka cha 2003. OARE ya zachilengedwe mu 2006. ARDI ya luso ndi zopangapanga mu 2009. Ndi GOALI ya malamulo mu 2018. Mayiko anagawidwa m'magulu awiri: a gulu loyamba salipira kanthu, a gulu lachiwiri amalipira madola 1,500 pa chaka pa sukulu iliyonse. Mozambique ndi Malawi ali m'gulu loyamba. Motero yunivesite, malo a kafukufuku, chipatala chophunzitsira kapena ofesi ya boma ku Niassa ili ndi ufulu wolembetsa ndi kuwerenga kwaulere magazini zikwi zambiri, omwe aja amene Harvard inali kuwalirira.

Kwa ife amene sukulu zathu ziphunzitsa m'Chipwitikizi palinso mwayi umene anzathu a ku Malawi alibe. Dziko la Brazil linayambitsa SciELO kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nkhokwe ya magazini mazanamazana owerengedwa kwaulere, ambiri m'Chipwitikizi ndi m'Chisipanishi, ndipo ambiri onena za ulimi ndi matenda a m'mayiko otentha monga lathu. Portugal nayo ili ndi RCAAP, yosonkhanitsa zolemba za mayunivesite ake kuyambira 2008. African Journals Online, imene inayamba mu 1998, imasunga magazini a mu Africa muno, ndipo pakati pawo pali Malawi Medical Journal ya ku Blantyre, imene aliyense aiwerenga osalipira. Za zaumoyo zambiri zili mu PubMed Central. Pali kachida kotchedwa Unpaywall, kamene kamafufuza ngati nkhani yotsekedwa ili ndi kope lake laulere ndi lololedwa kwina.

Ndipo pali njira yakale koposa zonse, ndiyo kulembera kalata mwini nkhani. Adiresi yake imakhala pa tsamba lomwe lija lopempha madola, ndipo popeza iye sapindula kanthu pa malondawo, nthawi zambiri amakondwera kuti wina ku Lichinga afuna kuwerenga ntchito yake, natumiza. Safunsa anadya phula.

Ngati zaulere nzochuluka chotere, bwanji ophunzira akudandaulabe?

Chifukwa khomo lotsegula silithandiza amene sadziwa kumene lili. Wophunzira amayamba pa Google, nagwera pa tsamba la wosindikiza, naona mtengo, nabwerera. Sadziwa kuti nkhani yomweyo ikadatseguka akadalowera ku Research4Life ndi mawu achinsinsi a sukulu yake. Zimachitika m'masukulu ambiri a mu Africa kuti mawu achinsinsiwo amadziwika kwa munthu mmodzi kapena awiri, ndipo iwo akasamutsidwa amapita nawo. Ndiponso ufulu wowerenga suli kanthu popanda intaneti yodalirika. Wophunzira wogula ma megas ake yekha pa foni amayamba wawerengera asanatsitse pepala lalikulu. Mabungwe monga MoRENet, yolumikiza masukulu apamwamba a Mozambique, ndi UbuntuNet Alliance, imene likulu lake lili ku Lilongwe, anakhazikitsidwira vuto lomweli, koma chigawo chakutali ndi likulu monga chathu sichikhala choyamba kufikiridwa. Chomaliza ndi chilankhulo: magazini ochuluka a sayansi ali m'Chingerezi, ndipo mwana amene anayamwa Chiyao, Chinyanja kapena Chimakua, naphunzira m'Chipwitikizi, ayenera kukwera phiri lachitatu.

Tisaiwalenso kuti Research4Life ndi mphatso, ndipo mwini mphatso akhoza kubweza dzanja. Wosindikiza aliyense amasankha yekha mayiko amene awatsegulire ndi magazini amene awapereke, kotero kuti si zonse zolembedwa pa mndandanda zimene zimatseguka m'dziko lililonse. Mu January 2011 akatswiri a ku Bangladesh anadzuka napeza kuti magazini pafupifupi 2,500 achotsedwa kwa iwo mu Hinari, ndipo anabwezedwa pokhapokha phokoso litakula. Dziko likakwera pang'ono pa chuma, likhozanso kuchotsedwa m'gulu la osalipira.

Nanga Sci-Hub, imene ophunzira amanong'onezana?

Palibe chifukwa chobisira chimene aliyense m'masukulu achidziwa. Sci-Hub inayambitsidwa m'chaka cha 2011 ndi Alexandra Elbakyan, wophunzira wa ku Kazakhstan amene anakumana ndi vuto lomwe tikunenali, ndipo imapereka nkhani mamiliyoni ambiri popanda chilolezo cha osindikiza. Khoti la ku New York linaigamula mu 2017 kuti ilipire Elsevier madola mamiliyoni 15. Sindifulumira kuweruza mwana wosauka amene alowako usiku; koma laibulale ya sukulu singamange ntchito yake pa chinthu chotsutsana ndi lamulo, chimene adiresi yake isinthasintha, ndiponso chimene kuyambira cha m'ma 2021 chinaleka kulandira nkhani zatsopano monga kale. Kuchuluka kwa olowako ndi umboni chabe wakuti mtengo wa madola 35 sunaikidwire owerenga ngati athu.

Akuti dziko likupita ku magazini otsegukira onse. Kodi vutoli silitha lokha?

Mbali ina likuchepa ndithu, kuyambira pa chilengezo cha ku Budapest cha 2002, cholimbikitsa magazini otsegukira onse, kufikira lero, pamene gawo lalikulu la nkhani zatsopano limatuluka lotsegula. Koma osindikiza akuluakulu sanataye phindu lawo. Analisamutsa kuchoka kwa wowerenga kupita kwa wolemba. M'chaka cha 2021 magazini ya Nature inali kulipiritsa mayuro 9,500 kwa wofuna kuti nkhani yake ikhale yotsegula, ndipo magazini wamba amafuna madola zikwi ziwiri kapena zitatu. Ambiri amakhululukira olemba a m'mayiko osauka, koma chikhululukirocho chiyenera kupemphedwa, ndipo sichifika pa magazini onse. Choopsa nchakuti mphunzitsi wa ku Unango adzaloledwa kuwerenga zonse za ena, koma osatha kuika zake pa bwalo lomwelo. Njira ya SciELO, imene boma ndi mayunivesite amasenza mtengo kuti wolemba asalemedwe ndipo wowerenga asalipire, ndiyo yoyenera kuitsanzira mayiko onga lathu.

Tsono woyang'anira laibulale ku Lichinga atapatsidwa ndalama pang'ono, achite nazo chiyani?

Ayambe ndi zimene sizifuna dola: alembetse sukulu yake ku Research4Life, aonetsetse kuti njira yolowera ikudziwika kwa mphunzitsi ndi wophunzira aliyense, ndipo chaka chilichonse, ophunzira atsopano akangofika, awakhazike pansi pa kompyuta ndi kuwaphunzitsa kufufuza. Ndalama zoyamba zipite ku intaneti ndi ku magetsi a m'chipinda chowerengera, pakuti metikali yoikidwa pamenepo imatsegula magazini zikwi, pamene yoikidwa pa kugula imatsegula nkhani imodzi.

Pambuyo pake, inde, pakhale kathumba kakang'ono kogulira nkhani imodzi imodzi, koma chingwe chake chikhale m'manja mwa woyang'anira, ndipo asamasule asanayese makomo onse aulere ndi kalata ya kwa mwini nkhani. Zilipo nthawi zimene kugula kuli koyenera popanda kukangana: dokotala ali ndi wodwala wa matenda achilendo ndipo sangadikire yankho la kalata; katswiri wa mbewu aona kachirombo katsopano m'munda nyengo ya dzinja ili mkati. Pamenepo madola 40 ndi ochepa. Koma wophunzira wa chaka choyamba wofuna chiyambi cha phunziro athandizidwe ndi buku, kapena ndi nkhani ina yotsegula.

Asayende yekha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo a ku Malawi anazindikira zimenezi m'chaka cha 2003 pamene malaibulale awo anapanga mgwirizano wa MALICO, umene unaika mbale za setilaiti m'masukulu ndi kukambirana mitengo m'dzina la onse. Laibulale yaikulu ya Universidade Eduardo Mondlane imatchedwa ndi dzina la Brazão Mazula, mwana wa ku Messumba m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi. Ili ku Maputo, mtunda wopitirira makilomita 2,000 pa msewu, koma pempho la pa intaneti siliyenda pa msewu, ndipo masukulu a Niassa ali ndi chifukwa chabwino chofunira mpando pamene mapangano a dziko lonse akambidwa. Ngakhale mu mzinda muno momwe, masukulu atatu kapena anayi akhoza kugwirizana kuti asagule onse chinthu chimodzi, ndi kusunga monografia za ophunzira awo pa malo amodzi otsegula, kuti wofufuza za mbatatesi chaka chamawa asayambirenso pamene mnzake anayambira chaka chatha.

Ndipo asunge kaundula. Pempho lililonse lilembedwe: anapempha ndani, nkhani ya m'magazini iti, inapezeka kuti, ndipo ngati inagulidwa, pa mtengo wanji. Chaka chikatha kaundulayo adzaonetsa magazini awiri kapena atatu amene amapemphedwa kawirikawiri ndipo sapezeka kwaulere. Amenewo ndiwo oyenera kuwafunsira mtengo wolembetsa, kapena kuwatengera ku mgwirizano wa malaibulale, ndi manambala m'manja. Ena onse akhale a kathumba kaja.